Giovanni Pisano: Mmisiri Amene Analiritsa Mwala

Mu 1265 akuluakulu oyang'anira ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Siena, ku Italy, anagwirizana ndi mmisiri wina wa ku Pisa, dzina lake Nicola, kuti awasemere gome lolalikirapo la mwala. Kalata ya mgwirizanowo ikadalipo, ndipo nkhani ya malipiro imainena mosapsatira. Nicola azilandira masoldi 8 pa tsiku (soldi inali ndalama ya nthawiyo). Anyamata ake awiri, Arnolfo ndi Lapo, azilandira 6 aliyense. Kenako kalatayo ikutchula mwana wa Nicola, Giovanni, kuti akamabwera kudzathandiza azilandira 4, ndipo ndalamazo azipatsira bambo ake. Mnyamatayo n'kuti asanakwanitse zaka 20.

Mu 1301 Giovanni yemweyo anamaliza gome lakelake mumzinda wa Pistoia, n'kusemapo mawu a Chilatini onena kuti amene wachita ntchitoyi ndi mwana wa Nicola, koma kuti luso lake laposa la bambo ake. Mawu otere m'makutu mwathu amamveka ngati mwano. Komabe asanaweruzidwe, mmisiri ayenera kuonedwa ntchito yake. Tione ngati ananena zoona, ndipo ngati n'zoona, anawaposa pa chiyani.

Choyamba timvetse kuti gome lotereli linali chiyani. Linali kanyumba ka mwala kopanda denga, kokwezedwa pamwamba pa nsanamira zazitali kuposa munthu, kokhala ndi masitepe okwerera. Wansembe kapena dikoni ankaima mmenemo n'kumawerenga Uthenga Wabwino ndi makalata a atumwi m'Chilatini, chinenero chimene anthu wamba ambiri anali atasiya kuchimva bwino. Anthuwo anali chiimire pansi, maso ali m'mwamba, ndipo chimene ankaona ndi makoma a kanyumbako. Pa makoma amenewo ndi pamene amisiri ankasemapo moyo wa Yesu, kuyambira kubadwa mpaka chiweruzo chomaliza. Motero gome linkafuna munthu wodziwa zinthu ziwiri. Ayenera kudziwa kugawa kulemera kwa miyala pa nsanamira kuti chinthucho chisagwe, ayeneranso kudziwa kutulutsa nkhope ya munthu m'mwala. Masiku amenewo ntchito ziwirizi sizinkalekanitsidwa. Amene wapambana pa kusema ndi amene ankapatsidwanso chimango chonse cha tchalitchi kuti achiyang'anire.

Nicola sanabadwire ku Pisa. Zikalata zina zimamutchula kuti Nicola wa ku Apulia, chigawo cha kum'mwera kwa Italy chimene chinali m'manja mwa mfumu yaikulu Frederick II, munthu amene ankakonda kwambiri zinthu za Aroma akale mpaka kumanga zipata ndi kusula ndalama motsanzira iwo. Nicola atafika ku Pisa anapeza sukulu yomuyembekezera pabwalo. Anthu a mzindawo ankatenga mabokosi a maliro a mwala a nthawi ya Aroma, osemedwa zaka pafupifupi 1,000 m'mbuyomo, n'kumaikamo anthu awo otchuka mozungulira tchalitchi. Ena ankangowadutsa, koma iye ankawayang'anitsitsa. Mu 1260 anamaliza gome la mbali 6 m'nyumba yobatiziramo ya ku Pisa, ndipo amene analiona anaona chinthu chimene chinali chitasowa kwa nthawi yaitali. Maria amene akulandira anzeru a kum'mawa wakhala ndendende ngati mkazi wina wa m'nthano za Agiriki, Phaedra, amene anasemedwa pa limodzi la mabokosi aja. Pangodya ina paima mwamuna wamaliseche wa minofu ngati Hercules, ngwazi ya m'nthano zomwezo, woimira mphamvu.

Kukula kwa chinthu chimenechi kumaoneka munthu akayerekeza ndi zimene zinalipo kale. Amisiri ambiri a nthawi yapitayo ankasema anthu ouma, oima njo, nsalu zawo zili mizeremizere yongokongoletsa. Kwa Nicola, pansi pa nsalu pali bondo, pali chiuno, ndipo munthu akakhala pansi umaona kuti ali ndi kulemera. Maria wake ndi mfumukazi yodzaza thupi, yogonera chigongono mwaulemerero, yosatekeseka ndi kanthu ngakhale kuti wangobereka kumene. Uku ndiye kunali kukongola kwa Nicola: ulemu ndi bata.

Giovanni, amene anabadwa cha m'ma 1250, anakulira m'fumbi la ntchito imeneyi. Mwala woyera wa mabo unkachokera kumapiri a Carrara, kumpoto kwa Pisa, ndipo unkatsitsidwa ndi ng'ombe mpaka kugombe n'kubwera pa bwato. Mmisiri ankayamba ndi chitsulo chosongoka kugumula mbali zosafunika, n'kutenga tchizulo ya mano kuti apeze maonekedwe, kenako tchizulo yosalala, pomaliza n'kukwecha. Panalinso choboolera chimene ankachizunguza ndi chingwe, chothandiza kukumba mithunzi m'tsitsi, m'ndevu ndi m'makona a milomo. Miyalayi sinkasiyidwa yoyera mbee monga tiionera lero. Ankaipaka mitundu ndi golide, ndipo kumbuyo kwa anthu osemedwawo ankamatako tizidutswa ta galasi lamitundu kuti anthuwo azionekera patali m'tchalitchi cha mdima.

Gome la ku Siena linatha mu 1268. Lili ndi mbali 8, ndipo anthu osemedwapo achuluka, achepa msinkhu, ayamba kusuntha. Apa pakuoneka kale mphepo yatsopano yochokera ku France, kumene amisiri a matchalitchi akuluakulu monga a ku Reims ndi Amiens ankasema anthu oonda, opindika m'chiuno, a nkhope zolankhula. Luso limeneli limatchedwa Gothic, ndipo linkafika ku Italy kudzera mwa amisiri oyendayenda komanso tiziboliboli ta mnyanga wa njovu timene amalonda ndi ansembe ankanyamula. Nicola analawako pang'ono. Mwana wake analimwa lonse.

Ntchito yomaliza imene bambo ndi mwana anagwirira limodzi ili pabwalo lalikulu la mzinda wa Perugia. Mzindawu uli pamwamba pa phiri, ndipo madzi anali vuto. Atakoka madzi kuchokera ku phiri la Pacciano, anafuna kuti pamene madziwo akutulukira pakhale chinthu chonyaditsa. Chitsime chimenechi, Fontana Maggiore, chinatha mu 1278 moyang'aniridwa ndi mmonke wina, Fra Bevignate. Beseni lake lapansi lili ndi mbali 25 ndi zithunzi zosema 50, lapamwamba lazunguliridwa ndi ziboliboli 24. Chimene chimandikoka pa chitsimechi n'chakuti ambiri mwa anthu osemedwapo ndi alimi. Mwezi uliwonse uli ndi ntchito yake: Januwale akuotha moto, Febuluwale akuwedza, Julaye akupuntha tirigu, Seputembala akuponda mphesa, Disembala akupha nkhumba. Mayi wobwera kudzatunga madzi ankaona chaka cha banja lake chitalembedwa pamwala, pambali pa Adamu ndi Hava, Samisoni ndi Davide. Pa chitsimechi dzina la Giovanni lalembedwa pamodzi ndi la bambo ake ngati mmisiri wokhwima.

Pofika 1284 zikalata zikumutchula Nicola ngati malemu. Chaka chomwecho zombo za Pisa zinaphwanyidwa ndi za Genoa pa nkhondo ya ku Meloria, amuna zikwizikwi anagwidwa ukaidi, ndipo mzindawo sunabwererenso mwakale. Giovanni anali akusema ziboliboli zazikulu za kunja kwa nyumba yobatiziramo ija, koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pofika 1285 anali ku Siena, kumene anamupatsa unzika n'kumukhululukira misonkho, ndipo posakhalitsa anakhala kapitawo wamkulu wa ntchito yonse yomanga tchalitchi.

Anthu a ku Siena ankati mzinda wawo ndi wa Maria. Mu 1260, nkhondo ya ku Montaperti ili pafupi kuyamba, anaupereka m'manja mwake, ndipo atagonjetsa Florence chikhulupiriro chimenecho chinazika mizu. Ntchito ya Giovanni inali yomanga khoma lakumaso kwa tchalitchi cha Mariayo. Anaika makomo atatu akuya, pafupifupi ofanana kukula, ozunguliridwa ndi nsanamira zosemedwa masamba, ndipo pamwamba pa khomo lililonse anakwezapo nsonga ya makona atatu. M'mbali anamangamo nsanja zing'onozing'ono. Pamenepa Italy anali asanaonepo khoma lodzaza ziboliboli chonchi.

Ndiye pali ziboliboli zenizenizo. Ku France amisiri ankaimika oyera mtima m'mbali mwa khomo, atandondozana, aliyense ataphatikana ndi nsanamira yake. Giovanni anawachotsa pamenepo n'kuwakweza m'mwamba, pa tizipupa totulukira kunja, kumene akuoneka ngati akuyenda pakhomapo. Ndi aneneri ndi mafumu amene analosera za kubwera kwa Khristu kudzera mwa Maria: Mose, Davide, Solomoni, Yesaya, Habakuku, Simeoni, Balamu. Pakati pawo anaikaponso Plato ndi Aristotle, anzeru a Chigiriki, ndi mneneri wamkazi wa anthu akunja wotchedwa Sibyl, chifukwa Akhristu a nthawiyo ankakhulupirira kuti nawonso akunja anapatsidwako kuwala pang'ono. Aliyense wagwira mpukutu wa mawu ake. Aliyense watembenukira kwa mnzake, wina pakamwa pali yasa, wina watchera khutu. Pansi pawo akavalo, mikango ndi ng'ombe zatulutsa theka la matupi kunja kwa khoma.

Masiku ano zimene zili pakhomapo ndi zotsanzira. Zenizenizo, zimene mvula ndi mphepo zinazidya kwa zaka mazana ambiri, zinalowetsedwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya tchalitchicho, Museo dell'Opera. Munthu akaziona pafupi, maso ndi maso, amayamba wadabwa. Makosi ndi aatali mopitirira muyezo, mitu yasuzumira kutsogolo, maso ndi pakamwa ndi maenje akuya, ndipo kumsana ena sanamalizidwe n'komwe. Chiboliboli cha mkazi chimene ambiri amati ndi Miriamu, mlongo wake wa Mose, chapotokola thupi mbali ina, khosi n'kulitulutsa mbali ina, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa kumbuyo. Uku sikunali kulephera. Giovanni ankadziwa kuti woonayo adzakhala pansi pabwalo, kutali, dzuwa lili phwee. Mutu wokhala bwinobwino pa mapewa ukanabisika ndi chifuwa komanso kachipupa kamene chiboliboli chaimapo. Pousuzumiritsa kunja, nkhope inkaonekera pansi. Maenje akuyawo ankagwira mthunzi, ndipo mthunziwo ndi umene unkajambula nkhope kwa munthu wakutali. Apa ndi pamene womanga ndi wosema anakhaladi munthu mmodzi: chiboliboli chilichonse anachisema akudziwa kale pamene chidzaime ndi pamene wochiona adzaime.

Khomalo sanalimalize. Cha m'ma 1297 akuluakulu a mzinda anayamba kufufuza za kayendetsedwe ka ntchitoyo, akudandaula za chisokonezo ndi kuwonongeka kwa miyala yodula, ndipo Giovanni anachoka ku Siena. Mbali yam'mwamba anadzamanga ena m'zaka za m'ma 1300. Mukaona chithunzi cha tchalitchichi, tsatirani ndi chala nsanamira za m'mbali mwa khomo lapakati kukwera m'mwamba. Mupeza kuti sizikulunjikana ndi zam'mwambazo. Pamenepo ndi pamene ntchito ya Giovanni inathera.

Atabwerera ku Pisa anapatsidwa udindo womwewo pa tchalitchi chachikulu cha kwawo. Mu 1298 anali mmodzi mwa amisiri amene anaitanidwa kukayeza ndi chingwe chokhala ndi cholemera kunsonga kuti aone mmene nsanja ya mabelu yapendekera. Nsanja yotchukayo, imene inayamba kumangidwa mu 1173, n'kuti itapendekeka kale isanathe n'komwe. Pa nthawi yomweyi anasema Maria wonyamula mwana pa mnyanga wa njovu. Mnyanga ndi wopindika mwachibadwa, ndipo iye m'malo molimbana nako kupindikako anakusandutsa kaimidwe ka mayi amene wabweza msana kuti achirikize mwana pachiuno.

Tsopano tifike ku Pistoia, m'tchalitchi chaching'ono cha Sant'Andrea, pamene pali ntchito imene ine ndimaiika pamwamba pa zonse zimene anachita.

Maonekedwe ake anatengera gome la bambo ake la mu 1260: mbali 6, nsanamira 7, zithunzi zazikulu 5. Ndikhulupirira kuti anachita dala kuti anthu ayerekeze. Koma nsanamira zake n'zowonda, ndipo mauta olumikiza nsanamirazo ndi osongoka pamwamba, motero chinthu chonsecho chikuoneka chopepuka, chokwera. Nsanamira ziwiri zaima pamsana pa mikango. Ina yaima pa mapewa a munthu wa ndevu amene wawerama, bondo lili pansi, nkhope itakwinyika ndi katunduyo. Yapakati yazunguliridwa ndi mkango wa mapiko, chiwombankhanga ndi chinyama china cha m'nthano. Pamwamba pa nsanamira zakunja pali aneneri aakazi a anthu akunja, otchedwa Sibyl aja, ali ndi angelo amene akuwanong'oneza kukhutu, ndipo nkhope zawo zikuonetsa mantha a munthu amene wauzidwa chinthu chomukulira.

Chithunzi choyamba ndi cha kubadwa kwa Yesu, ndipo zonse zimene bambo ake anaikamo zilimo: mngelo ndi Maria pakona, Maria atagona pakati, azamba awiri akusambitsa mwana, Yosefe, abusa ndi nkhosa. Kusiyana kuli pa zimene anthuwo akuchita. Maria wa pakona wadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo mngelo atamutulukira. Maria wogonayo ndi mtsikana woonda, wotopa, ndipo watambasula dzanja kukweza kansalu kuti asuzumire mwana wake. Pansi, mzamba wina akuthira madzi m'beseni, mnzake wafungata khandalo ndi dzanja limodzi, linalo waliviika m'madzimo kuti amve ngati atentha. Kadzanja kam'madzi kameneko sikali m'Malemba. Anakaika munthu amene anaonapo mwana akusambitsidwa, ndipo mayi aliyense amene anaima pansi pa gomelo anakazindikira.

Chithunzi chachitatu ndi cha kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu, nkhani imene pa gome la bambo ake la ku Pisa palibe. N'chovuta kuchiyang'ana nthawi yaitali. Herode wakhala pamwamba, watembenuka n'kutambasula mkono polamula, ndipo kuchokera pa mkonowo chiwawa chikutsetserekera pansi. Asilikali akulanda ana m'manja mwa amayi awo. Wina wanyamula khanda m'mwamba, wina akubaya. Mayi wina akutchinga mwana ndi thupi lake. Pansi penipeni, pamene maso a munthu woima amafika msanga, pali amayi amene kulimbana kwawathera: awerama pa mitembo ya ana awo, tsitsi lili balala, wina wakwirira nkhope pa kathupi ka mwana. Giovanni anakumba mwalawo mozama kwambiri kotero kuti mikono ndi mitu ina yatsala pang'ono kulekana ndi khoma, ndipo kumbuyo kwake kuli mdima. Palibe malo opumirapo diso. Kenako pakubwera kupachikidwa, Yesu nthiti zili pamtunda, Maria atakomoka m'manja mwa amayi anzake, ndipo pomaliza chiweruzo.

Kodi anawaposadi bambo ake? Pa kusalala kwa ntchito ndi kukhazikika kwa maonekedwe, ayi. Nicola sanaposedwe pamenepo, ndipo pali malo pamene Giovanni anasiya mwala wokhakhala, miyendo yosalingana, ngati anali pa liwiro. Koma Nicola anabweza thupi la munthu m'mwala, pamene Giovanni anafunsa chimene thupilo likumva. Kwa iye khosi, msana ndi zala zonse zimalankhula, ndipo anali wokonzeka kupotoza thupi ngati kupotozako kukunena zoona za mumtima. Pa chimenechi anawaposa, ndipo anaposa aliyense wa m'nthawi yake amene ankagwira tchizulo.

Sanazitole m'mutu mwake mokha. Francis wa ku Assisi, amene anamwalira mu 1226, ndi alaliki amene anamutsatira anali ataphunzitsa anthu kupemphera mwa njira ina: kudziika m'khola la ku Betelehemu, kumva kuzizira kwa mwanayo, kuima pansi pa mtanda pamodzi ndi mayi ake. Anthu a m'mizinda ya Tuscany (chigawo chimene muli Pisa, Siena ndi Pistoia), amalonda, owomba nsalu ndi akazi awo, ankafuna Khristu amene anamvadi ululu. Zimene alaliki ankachita ndi mawu m'chinenero cha anthu wamba, Giovanni anazichita ndi mwala, ndipo pa zaka zomwezo wojambula zithunzi Giotto ankazichita ndi utoto. Awiriwa ntchito zawo zinakumana ku Padua, m'katchalitchi ka banja la Scrovegni, cha m'ma 1305. Makoma onse anajambula ndi Giotto, ndipo paguwa paima Maria wa Giovanni, amene sakuyang'ana anthu opemphera koma wayang'anizana ndi mwana wake, maso ndi maso.

Anthu a ku Pisa ataona za ku Pistoia anafuna gome lawo la m'tchalitchi chachikulu, lalikulu koposa. Giovanni analiyamba mu 1302 n'kulimaliza mu Disembala 1310. Zolemba zina zimati 1311, chifukwa Pisa inali ndi kawerengedwe kakekake ka zaka, koyamba chaka pa 25 Malichi, miyezi 9 patsogolo pa kathu. Gome lakale, la mmisiri Guglielmo, analitumiza ku Cagliari pachilumba cha Sardinia, kumene lili mpaka pano.

Gome latsopanoli ndi lalikulu koposa mwa magome anayi a banjali. Makoma ake ndi okhota, motero likuoneka ngati lozungulira, ndipo nkhani ikuyenda kuchoka pa chithunzi china kupita pa china mosadukiza. Nsanamira zambiri zasanduka anthu. Pali Khristu ataima pamwamba pa alembi anayi a Uthenga Wabwino. Pali mkazi wovala chisoti chachifumu akuyamwitsa ana awiri, woimira Mpingo, ndipo pansi pake pali akazi anayi oimira nzeru, chilungamo, kulimba mtima ndi kudziletsa. Mmodzi mwa anayiwo ndi wamaliseche, akudziphimba ndi manja monga Agiriki ndi Aroma akale ankasemera mulungu wamkazi amene Aroma ankamutcha Venus. Pali Mikayeli mngelo, paliponso Hercules, koma wa Giovanni ndi woonda, wa maso odandaula, wosiyana kutalitali ndi chimphona cha bambo ake. Ntchitoyi ndi yodabwitsa, koma inakula kwambiri moti mbali zambiri anasema ndi anyamata ake, ndipo zimaoneka. Moto wa ku Pistoia umayaka apa ndi apo, makamaka pa kupachikidwa, osati paliponse.

Chimene chilibe chinzake pa gome la ku Pisa ndi mawu amene analembapo. Amisiri akale ankalemba maina awo ndi mawu pang'ono odzitama, chimenecho sichinali chachilendo. Giovanni analemba mizere iwiri italiitali yozungulira gome lonse. Wam'mwamba ukutamanda Mulungu amene anapatsa munthu luso, n'kunena kuti Giovanni mwana wa malemu Nicola amasema mwala, mtengo ndi golide, ndipo sangathe kusema chinthu chonyansa ngakhale atafuna. Wam'munsi ndi dandaulo. Ukunena kuti anayesetsa zambiri ndi kuvutika kwakukulu popanda phindu, kuti pamene anachita zambiri m'pamenenso anakumana ndi udani wambiri, ndi kuti amene akumunyoza akungodzionetsa yekha kupanda pake. Zikalata zikusonyeza kuti panali mkangano pakati pa iye ndi Burgundio di Tado, mkulu amene ankasunga chuma cha ntchitoyo. Burgundio naye anaika mwala wake pakhoma lakunja kwa tchalitchi, wonena kuti iye ndiye anapangitsa gome latsopano, zaka zoyambira ndi zomalizira zonse n'kuzilemba, koma dzina la wosema osalitchula.

Ena amawerenga mawu a Giovanni n'kuona munthu wodzikuza ndi wovuta kukhala naye, ndipo kuchoka kwake ku Siena kumawapatsa umboni. Mwina analidi wovuta. Koma taganizani za dziko limene mmisiri ankawerengedwa pamodzi ndi wosula makasu ndi wowomba nsalu, wolipidwa pa tsiku, pamene ulemu wa ntchito unkapita kwa amene watulutsa ndalama. Munthu uyu ankaumirira kuti chimene chili pamwalapo chachokera m'mutu ndi mumtima mwa munthu mmodzi wodziwika dzina, ndi kuti luso lotere ndi mphatso ya Mulungu yoyenera ulemu. Zaka 200 pambuyo pake, nthawi ya mmisiri wotchuka Michelangelo, maganizo amenewa anali atafala. Mu 1310 anali achilendo, ndipo iye anawalemba m'tchalitchi, pansi pa mapazi a wowerenga Uthenga Wabwino.

Ntchito yake yaikulu yomaliza inali manda. Henry VII wa ku Luxembourg anatsikira ku Italy mu 1310 kuti akavekedwe ufumu waukulu ku Rome, ndipo Pisa inali kumbali yake. Ali m'njira, mkazi wake Margaret wa ku Brabant anamwalira ku Genoa mu Disembala 1311. Giovanni, ali ndi zaka zopitirira 60, anapatsidwa ntchito yosema manda ake m'tchalitchi cha San Francesco di Castelletto, ndipo analandira malipiro ake mu 1313. Mwambo unali wosema wakufayo atagona, manja ali pachifuwa. Chidutswa chimene chinatsala chikuonetsa china: angelo awiri amugwira Margaret m'mikono akumudzutsa, iye wayamba kuweramuka, nkhope wayang'ana kumwamba, milomo yatseguka pang'ono. Tchalitchicho chinagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndipo mandawo anamwazikana. Zina mwa zidutswa zimene zinapezeka zikusungidwa ku Museo di Sant'Agostino mumzinda womwewo.

Henry nayenso anamwalira mu Ogasiti 1313 ku Buonconvento, pafupi ndi Siena, koma manda ake ku Pisa anapatsidwa kwa mmisiri wachinyamata, Tino di Camaino wa ku Siena, amene luso lake linakulira pa ntchito za Giovanni. Giovanni akutchulidwa ku Siena mu 1314, ndipo pofika 1319 anali atamwalira. Patapita zaka zoposa 200, Giorgio Vasari polemba mbiri za amisiri anamupatsa nyumba zambiri zimene sanamange, kuphatikizapo manda otchuka a Camposanto ku Pisa, amene anayamba ndi Giovanni wina, Giovanni di Simone, mu 1278. Ntchito yomanga imene ndi yakedi mosakayikitsa ndi khoma lija la ku Siena, ndi magome amene ali nyumba pawokha.

Gome la ku Pisa linakumana ndi zovuta kuposa onse. Mu 1595 tchalitchi chinapsa. Gomelo linapulumuka, koma pokonzanso nyumbayo anthu a nthawiyo, amene luso la Gothic ankaliona ngati lachikale ndi losalongosoka, analiphwasula. Zidutswa zina anazimata m'makoma, zina anaziunjika mosungira katundu, zina zinagulitsidwa. Linakhala choncho zaka zoposa 300, mpaka mu 1926 pamene analimanganso motsogozedwa ndi Peleo Bacci. Limene alendo amaliona lero laima pamalo ena, masitepe ake oyamba palibe, nsanamira zina n'zatsopano, ndipo akatswiri amatsutsanabe ngati chiboliboli chilichonse chinabwerera pamalo ake. La ku Pistoia nalo linasunthidwa m'zaka za m'ma 1600 n'kutaya zoikapo mabuku zake ziwiri. Chimodzi, cha chiwombankhanga cha Yohane, chili ku Metropolitan Museum ku New York, ndipo chinacho, cha Khristu wovulazidwa atagwiridwa ndi angelo, chili ku Berlin.